Akuitanani ku intavyu? Musanathamangire kobwereka suti tamvani izi

Sabata yatha msuweni wanga wa ku Kandeu anandiimbira cha m'ma 9 usiku, mawu akunjenjemera, akuti "achimwene andiitana ku intavyu Lachinayi ku Lilongwe, nde ndikavale chani?" Ndinayamba ndaseka kaye. Sikuti ndimamuseka iyeyo ayi, koma funso lomwelo ndi lomwe ndinafunsa ine ulendo wanga woyamba, ndipo ndinapitadi nditatchena ngati mkwati, suti yobwereka, nsapato zopolisha mpaka kudzionerapo nkhope, koma ntchito inandidutsa pamphuno. Ma intavyu anayi ndinagwa nawo zisanatheke. Pano ndakhalapo kangapo mbali inayo ya tebulo, kufunsa anthu mafunso ku kabungwe komwe ndimagwira kuno ku Ntcheu, nde zomwe ndinamuuza msuweni wanga usiku umene uja ndati ndizilembe, poti ndikudziwa ambiri muli pa mzere womwewu.

Yambani ndi kutsimikiza kuti intavyuyo ilikodi. Akamberembere achuluka abale. Meseji imabwera kuti mwasankhidwa, kenako akuti tumizani kaye kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba, ati ya fomu, ati ya yunifolomu, ati ya "bwana kuti dzina lanu lisachoke". Malo a ntchito enieni salipiritsa munthu kuti akafunsidwe mafunso, ndipo ngati simunalembereko n'komwe kalata kumeneko dzifunseni kuti akudziwani bwanji. Za boma zija zodzera ku Civil Service Commission, Teaching Service Commission, Health Service Commission kapena Local Government Service Commission, kawirikawiri maina amatuluka poyera, m'nyuzi, pa tsamba lawo kaya pa bolodi ku maofesi a khonsolo, nde yendani mukaone ndi maso anu. Ndipo amene wakuimbirani foniyo musamangoti "yes sir, yes sir" kenako n'kudula muli chimwemwe tsaya. Funsani tsiku, nthawi, malo ake enieni, zoti mutenge, ngati pali mayeso olemba kapena a pa kompyuta, komanso ngati amabweza ya thiransipoti. Safunsa anadya phula. Palibe amene anachotsedwapo pa mndandanda chifukwa chofunsa kuti ofesi ili pati.

Za mapepala tsopano. Satifiketi ya MSCE, dipuloma kaya pepala la TEVETA, chiphaso cha unzika, laisensi ngati ntchitoyo ikufuna njinga yamoto, zonse zenizeni osati mafotokope okha, kenako mafotokope awiri awiri pambali. Ena amafuna mafotokope odindidwa ndi commissioner for oaths, nde pitani ku khoti la majisitireti kapena kwa loya kudakali masiku, musadikire m'mawa wa tsikulo. Koma vuto lomwe ndaliona likugwetsa anthu ndi la maina. Tisanamizane, ambirife kumudzi kuno tinabwereza Sitandade 8 ndi dzina lina kuti tisankhidwe, ena dzina la agogo, ena la amalume, nde satifiketi ikunena dzina lina, chiphaso cha unzika chikunena lina, kaya chilembo chimodzi chasiyana, kaya chaka chobadwa. Wa HR akangoona zimenezo amayamba kukayika ngati mapepalawo ndi anudi. Kakonzeni msanga affidavit, kalata yolumbira kuti mapepala onsewo ndi a munthu mmodzi, muiphatikize, ndipo mukhale oyamba kuitchula ndinu asanakufunseni. Zonsezi ikani mu foda ya pulasitiki, osati kupinda kanayi n'kuika m'thumba la kumbuyo.

Kenako werengani CV yanu yomwe. Mukuti ndikuseka eti? Ambiri CV inalembedwa ndi mnyamata wa pa fotokope pa boma paja, anangotenga ya munthu wina n'kusintha dzina, nde mulemba kuti Excel mumaidziwa bwino, mumakonda kuwerenga mabuku, mumalankhula Chingoni. Ife tsiku lina tinangomutembenuzira laputopu mnyamata wina kuti taphatikizani manambala awa, thukuta linayamba kutuluka m'mwezi wa June, ku Ntcheu kuno. Chilichonse cholembedwa mmenemo ndi funso lomwe mwadzipangira nokha. Ngati chilipo chomwe simungachiteteze, chiphunzireni masiku atsalawa kapena konzekani kunena chilungamo kuti mumangodziwa zoyambirira. Ma referee anunso aimbireni muwauze kuti mwina alandira foni. Zimachititsa manyazi tikaimbira ahedi n'kumatiyankha kuti "ndani ameneyo? wa chaka chiti?"

Malo omwe mukupitawo muwadziwe. Werenganinso chilengezo cha ntchito chija mzere ndi mzere chifukwa mafunso ambiri amachokera momwemo, a panelo sakhala ndi nthawi yopeka zachilendo. Gulani kabandulo muone tsamba lawo kapena Facebook yawo, amachita chani, m'maboma ati, ndi ndani. Ngati ndi ya boma musapite osadziwa nduna ya unduna umenewo, komanso Malawi 2063, ndondomeko ya chitukuko cha dziko ija inakhazikitsidwa mu January 2021, muidziwe nsanamira zake zitatu, ulimi wopindulitsa ndi wa malonda, mafakitale, ndi kukula kwa matauni. Amaikonda heavy. Koma ngati ndi ntchito ya kumudzi, za ma field officer, za ulangizi, zokalemba maina kapena kafukufuku, apa nde ife akuno tili ndi mwayi omwe sitiuona. Munthu wochokera ku Area 47 sadziwa kuti Tsangano ndi chigwa cha Bwanje ndi maiko awiri ngakhale boma ndi limodzi, kuti kumtunda ndi kwa mbatatesi ndi kabichi pomwe kumunsi kotentha, kapena kuti ku Dedza nyengo ya ku Bembeke ndi ya ku Golomoti kaya Mtakataka sizifanana olo pang'ono. Sadziwa kuti suitanitsa msonkhano tsiku la msika, kapena m'mudzi muli maliro. Akakufunsani kuti mukafika m'mudzi wachilendo mungayambire pati, inu mukudziwa kale kuti umayamba waonekera kwa amfumu, kwa agulupu, kukumana ndi a VDC, komiti ya chitukuko cha m'mudzi ija, ndi alangizi omwe ali kale m'deralo. Nenani zimenezo molimba mtima, ndi nzeru zomwe ena amachita kukaphunzira ku workshop.

Tsopano pomwe pagona nkhani yonse, ndipo apa ndichedwapo.

Pafupifupi intavyu iliyonse imayamba ndi "tell us about yourself". Nde timayamba: ndinabadwa m'banja la ana asanu ndi awiri, ndine wachitatu, kwathu ndi mudzi wakuti T/A Njolomole, ndimapemphera mpingo wakuti... a panelo angoyang'ana pansi kudikira kuti mumalize. Sakufuna mbiri ya pa maliro. Akufuna amve, mu mphindi ziwiri basi, kuti munaphunzira chani, mwagwirapo chani, ndipo zimenezo zikukumana pati ndi ntchito yawoyo. Mukatero khalani chete, adikireni afunse china.

Ndipo chomwe chimapatsa munthu ntchito, mmene ndaonera ine, si mawu okoma aja oti "ndine wolimbikira, wokhulupirika, ndimagwira bwino ndi anzanga". Aliyense amene walowa pakhomopo kuyambira m'mawa wanena zomwezo, mpaka timaloweza. Chomwe timakumbuka madzulo tikamaphatikiza malikisi ndi kankhani. Munthu amene wanena kuti panali vuto lakuti, ine ndinachita chakuti, mapeto ake zinatha motere. Nde musanapite khalani pansi ndi kope mulembe tinkhani tinayi kaya tisanu ta zinthu zomwe munachitadi ndi manja anu: nthawi yomwe munathetsa mkangano, nthawi yomwe munasunga ndalama za anthu, nthawi yomwe munalakwitsa n'kukonza, nthawi yomwe ntchito inachuluka koma munaimaliza.

Ndikudziwa mukuti "koma ine sindinagwirepo ntchito". Ndi zomwe anandiyankhanso msuweni wanga. Ndinamufunsa kuti nanga zaka zitatu zija umalemba buku la banki mkhonde ya amayi ako unali kusewera? Tinafunsapo mtsikana wina, digiri analibe, anali ndi MSCE ndi kasatifiketi ka za maakaunti, pomwe anzake pa benchi panja anali ndi mapepala onenepa. Titamufunsa za kusunga ndalama anati, "Bwana, ine ndakhala ndikugulitsa tomato ndi kabichi pa Lizulu ndi mayi anga kuyambira ndili Fomu 2. Tinkaona kuti tikugulitsa kwambiri koma ndalama sizikuoneka, nde ndinagula kope n'kuyamba kulemba zopikula, za thiransipoti, za chiphaso cha msika ndi zoonongeka. Patatha mwezi tinapeza kuti ngongole za makasitomala ndi zomwe zimatidya, tinasiya kukongoza kupatula anthu atatu odziwika, mpamba unabwerera." Atatuluka tinangoyang'anana. Ntchito inali yake. Sanatchule mawu akuti wokhulupirika ngakhale kamodzi koma tonse tinaona kuti ndalama tingamusungitse. Nde kuphunzitsa mongodzipereka pa pulayimale ya kwanu, ukalaliki wa kalabu ya alimi, usungichuma wa kwaya, kuthandiza pa sikelo ya ana, ganyu ya kalembera, shopu ya amalume, zonsezi ndi ntchito, mungofunika kuzifotokoza ngati ntchito.

Pali chinanso chomwe chimativuta ife oleredwa kuno, ndi ulemu wathu womwe. Tinakula akutiuza kuti wamkulu sumuyang'ana m'maso, ukamalankhula naye umatsitsa mawu, ndipo kudzitchula wekha zabwino ndi matama. Kumudzi ndi khalidwe labwino ndipo musalisiye. Koma m'chipinda cha intavyu mukazyolika n'kumayankhira pansi pa tebulo, wa panelo amalemba kuti sadzidalira, kapena akubisa kanthu. Ine intavyu yanga yachiwiri ndinagwa chifukwa cha chimenechi, anachita kundiuza mayi wina amene anali pa panelo titakumana pa depoti patapita miyezi, akuti mayankho anali bwino koma sitimakumvani achimwene. Yang'anani amene wafunsayo, kenako muponyeko maso kwa enawo, mawu amveke mpaka kwa wakhala kumapeto. Ndipo chepetsani "tinachita, tinapanga". Akakufunsani za inu nenani kuti "ine ndinachita chakuti". Si matama ngati zinachitikadi. Atsikana, kunyonyomala pang'ono polowa palibe amene angakudeni nako, koma musagwade mpaka pansi, ndipo dikirani akuuzeni pokhala.

Chizungu nacho. Ma intavyu ambiri ndi a m'Chingerezi ndipo chomwe chimatipha si kusadziwa, ndi kufuna kuthyola chachikulu kuti tiwagometse, nde umapezeka wayamba chiganizo chomwe sukudziwa kuti chikathera kuti. Ziganizo zifupizifupi zimakwana. Ngati funso simunalimve pemphani abwereze, kusiyana n'kuyankha za kumpoto funso lili kummwera. Ngati simukudziwa yankho nenani kuti chimenecho sindinachigwirepo koma ndingayambe motere. Ndipo yesezani mokweza, osati mumtima. Pezani mnzanu wosakunyengererani, kaya aphunzitsi opuma a pafupi nanu, akhale ngati panelo, kapena dzijambuleni mawu pa foni mumvetsere. Mudzadabwa kuchuluka kwa ma "eeh", "actually" ndi "like" omwe mumatulutsa. Kuloweza mayankho ngati ndakatulo ayi, chifukwa akangokudulani pakati zonse zimabalalika. Pa ntchito za kumudzi nthawi zina amatembenuka mwadzidzidzi kuti tafotokozani zomwezo m'Chichewa ngati mukuuza agogo, nde konzekeraninso mbali imeneyo, ena Chichewa chenicheni chinawathawa.

Mafunso awiri amsampha. Loti chofooka chanu n'chani, musati mulibe, komanso lija loti "ndimalimbikira mopitirira muyeso" linatha ntchito kalekale. Tchulani chenicheni chaching'ono ndi zomwe mukuchita kuti chithe. Linalo ndi loti munachokeranji komwe munali. Olo abwana anu akale anali mfiti yotheratu, musawanyoze. Boma la Ntcheu kapena Dedza ndi laling'ono, anthu a m'maofesi amadyera limodzi kanyenya Lachisanu, mwina amene mukumunenayo ndi mlamu wake wa amene wakufunsani. Kontilakiti inatha, ndimafuna kukula pa ntchito, basi.

Za malipiro ambiri timachita nazo manyazi nde timangoti "chilichonse chomwe mungandipatse bwana". Mukatero mudzalandiradi chilichonse. Ku boma nkhani ndi ya giredi, palibe zonenerera, koma ku mabungwe ndi makampani fufuzani kwa anthu omwe akugwira ntchito yofanana pano, osati amene analembedwa kalekale, chifukwa kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo ndalama yomwe inali yabwino chaka chimenecho chisanafike lero siifika pa 15 pa mwezi. Tchulani kuyambira pakuti kufika pakuti, ndipo mufunse ngati ndalama akunenayo ndi asanadule kapena atadula. Pali msonkho wa PAYE, palinso penshoni yomwe lamulo limati wantchito adulidwe 5 peresenti, olemba ntchito aikepo 10 peresenti. Anthu ambiri amavina atamva nambala, mwezi ukatha n'kumalira pa ATM. Funsaninso za probation, nthawi yoyeserera ija asanakukhazikitseni pa ntchito, lamulo la ntchito la 2000 limalola kuti ifike mpaka miyezi 12 pa ntchito za luso, nde ndi bwino kudziwiratu. Ndipo kumapeto akati muli ndi funso, musati ayi. Funsani kuti amene mumutengeyo miyezi itatu yoyamba mukufuna aonetse chani. Koma lisakhale loyamba la ma alawansi chonde.

Ulendo. Apa mverani ine. Ngati intavyu ili ku Lilongwe kapena Blantyre 8 koloko m'mawa, pitani dzulo lake mukagone kwa achibale. Kuchoka pa Ntcheu boma kufika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 150, ndipo minibasi siyenda ndi wotchi yanu, imayenda ikadzadza. Iima pa Lizulu anthu agule kaye mbatatesi, pa rodibuloko, pa Chimbiya, pa Linthipe, kondakitala akhoza kukugulitsani kwa minibasi ina panjira, osanena za masiku omwe mafuta avuta. A ku Dedza boma mumadzinamiza kuti ndi pafupi, makilomita 85 okha, koma mukatsika mu depoti pali ulendo winanso wopita ku City Centre kapena Capital Hill m'mawa magalimoto atathinana pa mlatho. A ku Mayani, Lobi, Tsangano, Kasinje, nthawi ya mvula inu nde musayerekeze n'komwe. Mukafika dzulo lake pitani mukaione nyumbayo ndi maso, mudziwe geti lake. Ndalama yobwerera isungeni payokha. Zikavuta panjira imbani nthawi isanakwane, osati itadutsa.

Zovala zija anafunsa msuweni wanga, yankho ndi lalifupi: zochapa, zosita, zokukwanani. Za pa kaunjika zili bwinobwino, palibe amaona lebulo. Sitani dzulo lake poti magetsi sapangana, ikavuta simbi ya makala ilipo. Musakwere nazo minibasi, mudzakhala pakati pa thumba la makala ndi dengu la nkhuku, zinyamuleni mukavalire komweko. Ngati intavyu ili pa Dedza mu June kapena July tengani jekete labwino, chifukwa kunjenjemera ndi chisanu cha pansi pa phiri paja a panelo adzayesa mantha. Pafyumu pang'ono, chipinda chimakhala chotseka. Mowa dzulo lake ayi, umamveka.

Za walk-in zija zopita aliyense, lawirani, tengani madzi, kachakudya ndi zolembera ziwiri, koma moyo wanu usamaleni. Mu 2020 ku Mzuzu anthu anavulala pokankhana pa geti pa intavyu za mtundu umenewu za unduna wa zaumoyo. Ikakhala ya pa Zoom kapena WhatsApp, tchajani foni, gulani bandulo yokwanira, yesani malo omwe netiweki imagwira dzulo lake nthawi ngati yomweyo, ndipo ana ndi atambala muwakonzere kopita.

Tsikulo idyani kanthu, mimba yolira imamveka m'chipinda cha zii. Fikani mphindi 30 nthawi isanakwane. Mlonda pa geti ndi mayi wa pa reception apatseni moni wabwino, mungadabwe kuti abwana amawafunsa kuti uja anafika bwanji. Pa benchi podikira musamvere za anthu oti "ntchitoyi ili kale ndi mwini wake". Zoona nthawi zina zimachitika, sindingakunamizeni, koma ine ndaonapo wachibale wa munthu akugwa chifukwa wina anakhoza moti panelo inasowa pomukanira, ndaonaponso wachiwiri akuitanidwa patapita miyezi woyamba atathawira kwina. Foni zimitsani kenako mulowe.

Mukatuluka lembani mafunso onse omwe anakufunsani mukadali kuwakumbuka, adzakuthandizani ulendo wina kapena adzathandiza mng'ono wanu. Kenako foni yomwe munalemba pa CV ikhale yoyaka ndipo ikhale ndi inu, osati mwabwereka alamu apita nayo ku dimba. Nambala yachilendo ikaimba yankhani bwinobwino. Chaka chatha tinaimbira mnyamata wina kuti timuuze kuti wakhoza, kawiri osayankha, kachitatu anayankha ali pa bawo, "ndani iwe ukundisowetsa mtendere, ngati ndi za ngongole ija ndati mawa!" Mayi wa HR anangoti pepani ndi ku ofesi kuja munabwera Lachiwiri. Kunamveka zii, kenako "sorry madam, sorry madam" kasanu ndi kawiri. Ntchito tinamupatsabe, koma mpaka lero mu ofesi timamuitana kuti Ndati Mawa.